Kuchokera pansi pa kachere mpaka ku Chinkhoma: sukulu za kwathu kuno zinkatikonzekeretsa ntchito yanji?



Mwezi watha ndinapita ku mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4 kusukulu komwe ndinaphunzira. Mlendo wolemekezeka ananena mawu aja tawamva kambirimbiri, akuti ophunzira a masiku ano akonzekere kukapikisana ndi anzawo a dziko lonse lapansi polimbirana ntchito. Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti kupikisanako ndiyamba liti, poti satifiketi yanga ya MSCE ili mu sutikesi chaka chachiwiri tsopano, ndipo ntchito yolipidwa yomwe ndagwirapo ndi yosankha fodya m'chigafa cha eni ake basi. Madzulo ndinawafotokozera agogo aamuna. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Mdzukulu, dziko lapansilo ife tinapitako kale pa ndege ya Wenela, tisakudziwa n'kulemba dzina komwe."

Mawu amenewa ndi amene anandiyambitsa kufunsa akuluakulu ndi kuwerenga. Zomwe ndapeza n'zakuti Kasungu wakhala ali mu msika wa dziko lonse kwa zaka zoposa 100. Funso lenileni n'lakuti tinkalowamo ngati ndani, ndipo sukulu inkatipatsa chiyani choti tinyamule popita.

Tiyambe ndi mwana wa konkuno amene dzina lake lili pa bwalo la ndege ku Lumbadzi ndi pa chipatala chachikulu ku Lilongwe. A Hastings Kamuzu Banda anayamba a-e-i-o-u pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, pa sukulu ya mishoni ya Livingstonia, kenako anakapitiriza ku Chilanga. Olemba mbiri yawo amati cha m'ma 1915, pa mayeso ofuna kukalowa maphunziro a uphunzitsi, mnyamatayu anaimirira kuti aone bwino pa bolodi chifukwa anali wamfupi, ndipo woyang'anira mayeso anamutulutsa poganiza kuti akubera. Tangoganizani, MANEB kulibe, koma nkhani ya kubera mayeso ilipo kale! Atakhumudwa anauyamba wapansi. Anafika ku Hartley, m'dziko lomwe pano ndi Zimbabwe, komwe anagwira ntchito pa chipatala. Pambuyo pake, limodzi ndi amalume ake a Hanock Msokera Phiri, analowa m'dziko la South Africa mpaka kukapezeka pa mgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Boksburg. Kumeneko sanathere pansi pa nthaka ngati anzake ambiri. Anali kalaliki komanso womasulira, chifukwa ankadziwa kuwerenga, kulemba ndi Chingerezi. Mu 1925 mpingo wa AME unamuthandiza kupita ku America. Anaphunzira ku Wilberforce, ku University of Chicago, n'kumaliza udokotala ku Meharry Medical College mu 1937, kenako Edinburgh, kenako kuchiza azungu ku Liverpool ndi ku London. Anabwerera kuno pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40, akulankhula kwa abale ake kudzera mwa womasulira.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa zikuonetsa zomwe Kamuzu ankakhulupirira pa nkhani ya sukulu. Chomwe chinamuchotsa pa fosholo n'kumuika pa desiki chinali Chingerezi ndi cholembera, ndipo moyo wake wonse sanaiwale zimenezo.

Koma pa Kamuzu mmodzi panali anyamata masauzande omwe anayenda njira yomweyo opanda cholemberacho. Msonkho wa nyumba womwe atsamunda anakhazikitsa unkafuna ndalama, ndipo ndalama m'mudzi munalibe. Amuna ankapita ku Halale, ku Joni, ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia. Ena sanabwerenso, ndiwo ankatchedwa matchona aja. Sukulu za mishoni zinkatulutsa aphunzitsi, alaliki, makalaliki ndi amisiri ochepa. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa cha m'ma 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951. Ndiye kuti mwana wa ku Kasungu wobadwa nthawi ya agogo a agogo anga analibe ndi sekondale yomwe yoti ailote.

Agogo anga anapita ndi Wenela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Amati mayeso ake anali kuvula malaya, kukwera pa sikelo, ndi kuti dokotala amvetsere pachifuwa. Satifiketi sankafunsa. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana ndipo Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi anafa. Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Zinadzayambanso mu 1977 pansi pa TEBA, yomwe akuluakulu amangoti Theba, koma anthu opita anachepa kwambiri, ndipo mu 1988 zinatheratu pa mkangano wokhudza kuyeza magazi. Mpaka lero mumamva pa wailesi za madala a Theba akudikira ndalama zawo.

Nanga anthu onse aja obwerera ku Joni anapita kuti? Apa ndi pomwe nkhani yafika pa khomo pathu penipeni. Zaka za m'ma 1970 ndi zomwe maesiteti a fodya anafalikira m'zigwa za Kasungu. Makampani a Press Farming ndi General Farming, omwe anali m'manja mwa Kamuzu mwini, anatsegula minda ikuluikulu. Nduna ndi akuluakulu a chipani analimbikitsidwa kutenga ngongole ku banki n'kutsegula awo. Kunalinso bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority lomwe linkaphunzitsa alimi osankhidwa kulima fodya wowotcha m'mabani. Lamulo la Special Crops Act linkati fodya wa bale ndi wa m'mabani, amene anali ndi ndalama zenizeni, alimidwe ndi okhawo a ziphaso, makamaka a maesiteti. Mlimi wamba ankagulitsa zokolola zake ku ADMARC pa mtengo wotsika, ndipo phindu la ADMARC lambiri linkabwerekedwa ku makampani a maesiteti omwewo. Anthu osowa malo ochokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Mangochi ndi kwina ankabwera pa malole kudzakhala matenanti. Ambiri a ife mu kalabu muno, tikafufuza bwino, makolo athu anafika ku Kasungu choncho. Amayi anga ndi a ku Mulanje.

Utenanti mukuudziwa. Bwana amakupatsa malo, feteleza ndi chimanga chodya pa ngongole, iwe ndi banja lako lonse mumalima, ndipo pakutha pa chaka amagula fodyayo pa mtengo wake n'kudulapo ngongole. Mawu oti banja lonse ndi omwe akukhudza nkhani yathu ya sukulu. Kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kusankha, zonsezi zimafuna manja ambiri, ndipo manja a mwana salipidwa. Ntchito yothyola ndi kusoka imachuluka miyezi ya January mpaka March, pamene sukulu ili mkati. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo Kasungu anali m'gulu la maboma omwe anafufuzamo. Linanena kuti mwana wothyola fodya wonyowa amatha kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi kusuta ndudu 50 pa tsiku. Amene munathyolapo fodya m'mamawa mame asanakamuke mukudziwa chizungulire ndi nseru zija. Ife tinkangoti ndi njala.

Tsono pakati pa minda imeneyi, mu November 1981, Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi kachere uja. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa m'mbiri yonse ya Malawi palibe pomwe munthu anayesa mwadala chonchi kukonza ana oti akafanane ndi ana a ku London.

Atolankhani akunja anaitcha Eton ya mu Africa, potengera sukulu yotchuka ya ana a anthu olemera ku England. Anamanga nyumba za njerwa zofiira zokhala ndi nsanja ya wotchi, dziwe lokumba kutsogolo, laibulale yaikulu, malo osambira, ngakhale bwalo la gofu. Ana ankasankhidwa ochepa ochepa kuchokera m'boma lililonse, okhoza kwambiri okhaokha, ndipo ankaphunzira osalipira kanthu. Mwana wa mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ankatha kupezeka atavala jekete ndi tayi, akudya ndi foloko. Chilatini ndi Chigiriki chakale zinali zokakamiza, chifukwa Kamuzu ankati munthu wosadziwa zimenezi sanaphunzire. Aphunzitsi anali azungu, ambiri ochokera ku Britain, ndipo pa nthawi ya ulamuliro wake Mmalawi sankaloledwa kuphunzitsa pamenepo. Chichewa, chomwe iye mwini anachikweza kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, chinalibe malo m'kalasi. Mayeso ake anali a ku Britain.

Kodi zinatheka? Kunena chilungamo, kwa ana omwe analowa pa geti, zinatheka. Muli madokotala, maloya, mainjiniya ndi aphunzitsi a m'mayunivesite omwe anadutsa ku Mtunthama, ena ali konkuno, ena kunja. Sindikufuna kuchita ngati nkhandwe ija inati mphesa n'zowawa itakanika kuzifikira. Tinapitako pa masewero tili Fomu 3, ndipo nditaona laibulale ija ndinangoti kakasi. Nsanje inandigwira, osanama.

Komabe taganizani masamu ake. Ana mazana ochepa kuseri kwa mpanda, pomwe kunja kwake ana masauzande ambirimbiri akuphunzira pansi pa mitengo, ndipo sukulu ya pulayimale inali yolipira. Mwana wa tenanti yemwe ankathyola fodya pa esiteti ya pafupi analibe mwayi ngakhale wofika Sitandade 8 kuti alembe mayeso omutengera kumeneko. Mtsogoleri yemweyo anamanga njira ziwiri m'boma limodzi. Ina inkatumiza ana ochepa ku mayunivesite akunja, ina inkatumiza mabelo ku okushoni, ndipo yachiwiriyi inkadya ana ambiri kuposa yoyamba. Achinyamata ena ankapita ku mabesi a Malawi Young Pioneers, gulu lomwe linayamba mu 1963, kukaphunzira ulimi ndi luso la manja. Akuluakulu ena amaliyamikira pa zimenezo, ena amangokumbukira zikwapu ndi makadi a chipani. Asilikali analithetsa mu December 1993 pa Operation Bwezani.

Kamuzu atachoka pa mpando mu 1994, ndipo makamaka atamwalira mu November 1997, Academy inayenera kudziimira payokha. Lero ndi sukulu yolipira, fizi yake n'njoti bambo anga atagulitsa mabelo a zaka zingapo sangaikwanitse. Aphunzitsi Achimalawi aliponso tsopano.

Chaka chomwecho cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zinali zabwino kwambiri, ndipo ambiri a ife sitikanaona mkati mwa kalasi popanda zimenezi. Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, moti boma linalemba aphunzitsi masauzande osaphunzitsidwa mokwanira n'kuwaponya m'makalasi a ana oposa 100. Mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE anasinthidwa kukhala ma CDSS. Dzina linasintha, koma labu kunalibe, laibulale kunalibe, magetsi kunalibe. Zaka zomwezo za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo mudzi uliwonse unadzaza zigafa. Ndalama zinalowa m'midzi, malata anaoneka, njinga zinagulidwa, fizi ya sekondale ya ambiri inachokera mu fodya. Koma mwana yemwe kale ankajomba kusukulu chifukwa cha munda wa bwana anayamba kujomba chifukwa cha munda wa bambo ake.

Nkhani ya William Kamkwamba mukuidziwa, ena munaonera ndi filimu yake, ndiye sindichulutsa. Wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, dera lomwe silili kutali ndi Academy. Anabadwa mu 1987, anayamba Fomu 1 ku Kachokolo, n'kusiya chifukwa cha fizi m'chaka cha njala ija ya 2002, pomwe anthu ankadya gaga. Mu kalaibulale kakang'ono pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe anapeza buku lotchedwa Using Energy, Chingerezi chake chikumuvuta, n'kumangotsatira zithunzi. Anatola zitsulo zotayidwa, felemu ya njinga ndi dayinamo, n'kupanga makina a mphepo oyatsa magetsi. Mu 2007 analankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, kenako African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako Dartmouth College ku America komwe anamaliza mu 2014. Buku lake linatuluka mu 2009, filimu ya Chiwetel Ejiofor mu 2019.

Chomwe chimandinyansa ndi mmene akuluakulu amagwiritsira ntchito dzina lake. Ukadandaula kuti kusukulu kulibe zida, amati, "Nanga Kamkwamba anali nazo?" Aaa, ayi ndithu. William anali ndi laibulale, ngakhale yaing'ono, ndipo inali yotsegula. Ataoneka, anthu akunja anamulipirira sukulu zabwino, ndipo iye sanakane n'kunena kuti zitsulo za kudzala zimukwanira. Anzake omwe anasiya naye sukulu chaka chomwecho, ena anzeru ngati iye, palibe anawajambula.

Chodabwitsa n'chakuti msika wa dziko lonse womwe unkadya thukuta la ana ndi womwenso unadzatembenuka. Pa 1 November 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi anthu mokakamiza, ndipo makampani ogula anayenera kuonetsa umboni kuti fodya wawo ndi woyera. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya. Ndiye alangizi a makampani masiku ano amafunsa ngati ana ali kusukulu asanakupatse kontirakiti. Kaya m'midzi zikutsatidwa bwanji, inu mukudziwa kuposa ine. Chomwe chikuoneka n'chakuti mbewu yomwe imabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino tsogolo lake silili ngati kale, ndipo ife a m'badwo uno sitingadalire chigafa ngati mmene anachitira makolo.

Boma layesapo zina. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyendetse maphunziro a luso la manja, ndipo mu 2015 anayamba kutsegula makoleji a luso a m'madera. Mu 2014 yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Komanso tisanamizane, ife tomwe timanyoza. Mnzathu akati akukaphunzira kuwotcherera kapena zamagetsi timamuona ngati walephera, chonsecho pakatha zaka ziwiri ndi iyeyo amatigulira bandulo.

Mu November 2023, mwezi womwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, nkhondo ili mkati kumeneko. Ena mwa omwe ankalimbirana mwayi umenewu anali ndi madipuloma ndi madigiri. Agogo atamva pa wailesi anangoti, "Wenela wabwerera." Ndinatsutsana nawo, ndinati malipiro ake ndi abwinopo ndipo anthu akupita mwa kufuna kwawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti nawonso palibe anawamanga chingwe. Sindikunyoza amene anapita, ndikanapeza pasipoti mwina ndikanapita nawo. Koma zikundivuta kuvomereza kuti patatha zaka 50 chigwereni ndege ku Francistown, chomwe dziko lapansi likubwera kudzagula kwa ife chikadali msana ndi manja.

Za ine ndekha ndinene pang'ono. Ku CDSS kwathu tinaphunzira za kompyuta pa bolodi. Aphunzitsi, omwe ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa ankayesetsa, anajambula kiyibodi ndi choko, ife n'kukopera m'makope. Physics ndi Chemistry tinkaloweza zomwe zimachitika ukasakaniza mankhwala omwe sitinawaonepo, mpaka tsiku la mayeso pomwe zida zinabwerekedwa kwina. Chingerezi, chomwe ukalephera satifiketi ya MSCE sulandira ngakhale ukhoze zina zonse, tinkachidziwa cha malamulo a galamala, koma kulankhula ndi mlendo mawondo ankagwedera. Nditamaliza ndinaona ntchito ina pa Facebook yolemba ziwerengero mu kompyuta. Ankafuna CV yotumiza pa imelo. Ndinalibe imelo, sindinkadziwa kuti PDF n'chiyani. Ndinakwera kabaza mpaka pa boma, ndinalipira mnyamata wa pa kashopu kuti andilembere, ndipo pomwe timatumiza tsiku linali litadutsa dzulo lake. Pa ntchito imeneyo sindinapikisane ndi mwana wa ku India kapena wa ku Kenya. Ndinagonja ndisanafike pa mzere woyambira.

Koma nditayamba kusankha fodya chaka chatha ndinaona chinthu chomwe sindinachiganizirepo. Bambo anga analekeza Sitandade 5. Koma amadziwa magiredi a fodya pongogwira tsamba, amadziwa kuti ku Chinkhoma mtengo amautchula m'madola ndi masenti pa kilogalamu, amatha kuwerengera m'mutu kuti akadula za thiransipoti, za msonkho ndi za ngongole ya feteleza atsala ndi zingati m'makwacha, ndipo amatchera khutu akamva kuti ku Brazil kapena ku Zimbabwe akolola wambiri, chifukwa amadziwa kuti mitengo kuno igwa. Akhala akupikisana ndi mlimi wa ku Brazil kwa zaka 30 popanda womuuza kuti dzina lake ndi mpikisano wa dziko lonse. Ine zaka 12 m'kalasi palibe tsiku lomwe tinatenga pepala la malonda a ku okushoni n'kuliwerenga pa phunziro la masamu, ngakhale theka la kalasi fizi yathu inkachokera pa pepala lomwelo. Tinkawerengera za masitima onyamuka m'mizinda yomwe sitinaionepo.

Loweruka likubwerali pa msonkhano wa kalabu ndibweretsa mapepala awiri: la malonda a bambo la chaka chatha, andilola, ndi kabuku ka Wenela ka agogo komwe kali ndi chidindo cha chala chawo. Amene muli ndi agogo omwe anapita ku Theba, kapena makolo omwe anafika kuno ngati matenanti, kapena m'bale yemwe anaphunzira ku Academy nthawi ya Kamuzu, afunseni sabata ino kuti pa ntchito yawo yoyamba anafunsidwa chiyani pa geti, ndipo mulembe zomwe ayankhe. Achemwali aja ali ndi laputopu avomera kubwera nayo, ndiye amene mulibe imelo mubwere ndi nambala ya foni yogwira ntchito. Tiyamba 2 koloko, ndipo magetsi akathima tidikira.